Zikomo nonse amene munatigwira mkono bambo atatisiya

Abale ndati ndithokoze ngakhale mawu akundithera. Bambo anali mlimi moyo wawo wonse, munda womwewo womwe anawasiyira agogo, tambala akamalira iwo khasu lili kale paphewa, manja anachita kukhakhala moti tili ana akatisisita kumutu tinkathawa. Tsiku lomwe anagwa kumunda lija achimwene ena odutsa pagalimoto, olo dzina sitikuwadziwa, anaima nkuwanyamula mpaka kuchipatala osafunsa ndi ya mafuta yomwe. Achimwene ngati mukuwerenga izi Mulungu akudalitseni. Nanunso maneba amene munadzatikololera mbewu zomwe anasiya zitacha, ena kudyetsa ziweto sabata yonse ife mitu isakugwira, zikomo kwambiri. Mbewu yomwe anasankha yodzala chaka chino tasunga, ili m'chitini chawo chomwe chija.