Mlembi wa Ndowa pa Puloti Yathu

Pa puloti imene ndimachita lendi ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre pali mabanja anayi, mpopi umodzi wa panja ndi mita imodzi, ndipo kuyambira kale bilu ya madzi tinkaigawa panayi mosafunsana kuti wina ali ndi ana angati kapena amachapa kangati. Mtendere umenewu unatha pamene bambo a Dalitso, a nyumba ya kumapeto, anapempha agogo eni puloti kuti awalole kulima kuseri kwa bafa. Posakhalitsa panaoneka mabedi a mpiru, repu ndi matimati obiriwira bwino, pomwe dzuwa la Okutobala linali litawauliratu udzu wonse m'dera lathu. Bilu itabwera tinaiwerenga mosinthana, aliyense akuyembekeza kuti mnzake aonapo nambala yocheperako.

Pamsonkhano umene agogo anaitanitsa pansi pa mtengo wa mango, ine ndinayankhula monga munthu amene amagwira ntchito ya mabuku a ndalama. Ndinakumbutsa anzanga kuti madzi ambiri amene timamwa mumzinda muno amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukweza nawo mtunda wonse uja, choncho si madzi oti n'kumamwetsa mpiru pa ndalama za anthu ena. Ndinafotokozanso kuti mita ikasuntha ndi yuniti imodzi ndiye kuti padutsa malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20, ndipo ndinapereka maganizo oti pampopi pakhale buku loti aliyense azilembamo ndowa zimene watunga. Onse anaomba m'manja n'kundisankha kukhala mlembi.

Bukulo ndinalimangirira pampopi ndi chingwe pamodzi ndi cholembera. Cholembera chinasowa tsiku lomwelo, ana anajambulamo minibasi ndi makala, ndipo mwezi utatha ndowa zolembedwa sizinafike ngakhale theka la zimene mita inkanena. Bambo a Dalitso anali atalembamo makheni ochepa kwambiri, koma ndiwo zawo zinkangonenepa. Pamenepo ndinadziwa kuti kuthirira kwenikweni kunkachitika usiku, makamaka chifukwa m'chilimwe madzi kwathu amakonda kubwera anthu atagona.

Ndinaganiza zogwira umboni ndi manja anga. Usiku wina ndinafunda chitenje cha akazi anga, n'kutenga tochi, n'kukanyonyomala pakati pa mitengo ya matimati, udzudzu ukundidya koma ine osatekeseka. Chimene sindinachione mumdimawo n'chakuti bamboyo anali atayala payipi yobowolabowola m'mabedi monse n'kusiya mpopi wotsegula, kuti madzi akabwera azithirira okha iye ali m'tulo. Tambala woyamba asanalire, payipi ija inatsokomola pansi panga, kenako madzi ozizira anandilowa m'thalauza ndi mphamvu imene sindinaionepo masana. Ndinadumpha, phazi linakodwa m'payipi, ndipo ndinagwa chagada pabedi la matimati, mitengo ikuthyoka, galu wa agogo akuuwa mosalekeza.

"Wakuba! Wakuba!" anakuwa mayi a nyumba yapakati, ndipo zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi. Anandipeza nditavala chitenje chamaluwa, matope mpaka m'makutu, m'dzanja lamanja muli matimati awiri ophwanyika amene ndinawagwira pofuna potsamira. "Ndi ine, achimwene, musamenye!" ndinatero poona mpini uli m'mwamba. Bambo a Dalitso anandiunika kumaso kwa nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Kodi alembi, matimati nawonso mwayamba kuwawerenga usiku?"

M'mawa msonkhano unachitikanso, ndipo ndiyenera kunena kuti mfundo yanga inapambana. Tinagwirizana kuti buku la ndowa lithe, m'malo mwake mita iziwerengedwa kuthirira kusanayambe komanso kukatha, mwini dimba azilipira yekha malita amenewo, ndipo zotsala tizigawana potengera kuchuluka kwa anthu m'nyumba iliyonse. Imeneyi ndiyo njira yachilungamo, ndipo ndikuilimbikirabe mpaka lero. Koma ndisanakhale pansi, bambo a Dalitso anatulutsa m'thumba kabuku kawo, mmene ankalembamo mipukutu ya ndiwo imene banja lililonse linkathyola m'dimbamo ndi mawu aja akuti "tithyoleko pang'ono, aneba." Anati popeza tsopano madzi azilipira okha, ndiwo nazonso ziziwerengedwa pamtengo wa kumsika. Dzina limene linadzaza masamba ambiri linali la akazi anga, amene panthawiyi ankayang'ana nyerere pansi mwachidwi chachikulu.

Atachotsera ndalama imene bamboyo amayenera kundibwezera ya madzi, n'kuwonjezerapo mpiru wa miyezi yonseyo ndi mitengo ya matimati imene ndinaigonera, zinapezeka kuti wangongole ndine. Agogo anamaliza ndi kunena kuti pafunika munthu wokhulupirika wowerenga mita nthawi imene madzi abwera, ndipo popeza pa puloti yonse amene waonetsa kuti amatha kudzuka usiku ndi mmodzi yekha, panalibenso chifukwa chochitira mavoti.