Msana wa alamu anga

Lachitatu usiku. Ndafika kuchokera ku Chamama dzuwa litalowa, ndipo mpaka pano zimene alamu anga andiuza kuseri kwa khitchini zikungozungulira m'mutu.

Amayi anadwala sitiroko nthawi yokolola, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Chitulukireni m'chipatala, amene akuwasamalira ndi alamuwa, mkazi wa achimwene, yemwe anabwera chitengwa. Achimwenewo ali ku Joni. Anthu odzazonda matenda amabwera ndithu, a kumpingo, a m'mudzi, ndipo mafunso awo ndi amodzimodzi: adya? agona bwanji? BP yatsika? Za munthu wowanyamulayo sindinamve wina akufunsa.

Ndinawaona alamu akudzuka pamphasa atatha kuwadyetsa phala amayi. Anayamba agwada, kenako anagwira khoma, n'kumawongoka pang'onopang'ono atalumana mano. M'chiuno anali atamanga chitenje mothinitsa kwambiri.

"Alamu, m'chiunomo mwatani?"

"Aa, palibe kanthu, alamu."

Anadikira mpaka tili awiri, tikutsuka mbale. "Msanawu ukundiphwanya. Usiku ululu umatsika mpaka m'mwendo. Koma chonde musawauze amayi. Ayamba kale kukana madzi akumwa, akuti asamandivutitse kupita nawo kuchimbudzi."

Apa mpamene mtima wanga unasweka. Wodwala akudzimana madzi pomvera chisoni mpongozi wake, mpongozi akubisa ululu pomvera chisoni wodwala.

Alamuwa si munthu wofooka. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 amasenza kuchokera pamsewu mpaka kunyumba. Koma thumba silichita mantha. Amayi akamadzutsidwa amaopa kugwa, ndiye amakoleka dzanja labwinolo m'khosi mwa alamu, thupi lonse n'kupendekera mbali yakufayo. Komanso akuwanyamula kuchokera pansi, pamphasa. Kukasamba, kuchimbudzi, kukawotha dzuwa pakhonde, kubwerera m'nyumba. Usiku ndiye kuwatembenuza, poti anamwino anati pasamadutse maola awiri ali chigonere mbali imodzi, kuopa zilonda.

Chimene chinandikhudza n'chakuti malangizo onse akuwadziwa. Wamafizo anawaonetsa asanatuluke m'chipatala, ndipo anandibwerezera osaphonya. Pindani mawondo, msana ukhale wowongoka. Wodwala akhale chifupi ndi thupi lanu. Potembenuka sunthani mapazi, osapotoza chiuno. Dzanja lakufalo musalikoke chifukwa phewa limaguluka. Yalani chitenje kunsi kwa wodwala, anthu awiri agwire uku ndi uku, n'kumusuntha.

"Anthu awiri, alamu. Nanga wachiwiriyo ndani pakati pa usiku? Ndidzutse mwana wa sitandade 5?"

Ndinasowa choyankha.

Akuti akumwa bufeni wa pagolosale, nthawi zambiri m'mawa asanadye kanthu. Ndinawachonderera kuti asamatero, mankhwala amenewa amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo akachuluka amawononga impso. Anangovomera ndi mutu. Ndikudziwa kuti mawa amwanso, chifukwa amayi adzafunika kudzutsidwa.

M'minibasi ndinakumbuka magadiyani amene tinkagona nawo m'wodi nthawi ija amayi anagonekedwa. Ambiri anali azimayi, ena okalamba kale, akunyamula amuna awo, akugona pasimenti pafupi ndi bedi, m'mawa kukaphika kuchitando. Anamwino nawonso, ochepa chomwecho, mumawaona atagwira m'chiuno potuluka. Koma wodwala ali ndi fayilo yake, ali ndi buku lakuchipatala. Msana wa gadiyani sulembedwa paliponse, ndipo zimenezi zikundipsetsa mtima kuposa mmene ndimaganizira. Ine ndimatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, achimwene nawonso amatumiza, za sopo, shuga, mankhwala. Zonsezo n'zofunika, komabe ikakwana nthawi yodzutsa amayi m'nyumba muja mumakhala munthu mmodzi.

Mawa ndipita kwa kalipentala pamsika ndikafunse mtengo wa bedi lofika m'chiuno, ndi mpando woboola pakati woikako ndowa kunsi, kuti ulendo wa kuchimbudzi usiku uthe. Alamu ndawauza kuti nawonso akapimitse msanawo, ululu wotsikira m'mwendo si wonyalanyaza. Andifunsa kuti tsiku limenelo amayi atsala ndi ndani. Pali mwana wa azakhali amene anamaliza fomu 4 ndipo akungokhala, mwina angavomere kumadzagona kumeneko, koma makolo ake afuna tikambirane kaye. Achimwene ndawalembera pa WhatsApp, uthenga wafika, sanayankhebe.