Kusonkhera mabanja a ku Haiti chivomezi chikachitika: tumizani ndalama, zovala zikhale

Chivomezi chikagwedeza Haiti, anthu amtima wabwino amathamangira kutsegula masutikesi. Zovala, nsapato ndi zakudya za m'zitini zimaunjikana m'holo ya tchalitchi ku Miami, Brooklyn kapena Montreal. Pakapita masabata awiri komiti imadzidzimuka kuti kutumiza kontena kukhoza kudya ndalama zoposa mtengo wa katunduyo. Ikafika padoko la Port-au-Prince, likulu la Haiti, imadikira mapepala a kasitomu, ndalama zosungira zikukwera tsiku ndi tsiku.

Chivomezi cha pa 14 Ogasiti 2021 chinaonetsa vuto lina. Chinasakaza kum'mwera, ku Les Cayes ndi Jérémie, n'kupha anthu oposa 2,200, koma msewu wochokera ku likulu umadutsa ku Martissant kumene zigawenga zinkatchinga magalimoto. Patangopita masiku awiri namondwe Grace anavumbwitsa anthu ogona panja. Ndalama zotumizidwa pafoni zilibe nazo ntchito zotchinga za pamsewu, ndipo banja limagula lokha chimene likusowa: lona, mpunga, mankhwala othira m'madzi. Wamalonda wa pamsika nayenso amapeza poyambira.

Musanalandire ngakhale dola imodzi, khalani pansi mugwirizane amene adzalandire. Apa m'pamene magulu ambiri amapunthwa. Pezani anthu awiri osachokera banja limodzi kuderalo, mwina wina wa kumpingo ndi mphunzitsi, alembe mndandanda wa mabanja aliyense payekha. Mukayerekeza mindandanda iwiriyo mudzaona nokha pamene chibale chalowerera. Lembaninso zoyenereza: nyumba yagweratu, muli ana aang'ono, muli wovulala kapena wokalamba. Gulu lopanda munthu wodalirika kumeneko lingachite bwino kupereka ku bungwe lokhazikika monga Zanmi Lasante kapena Fonkoze, kusiyana n'kukhulupirira mlendo wa pa Facebook wotumiza zithunzi zomvetsa chisoni.

Za kusunga ndalama n'zachidule. Akaunti ikhale yapadera, osayinira awiri, ndipo wowerenga ndalama asakhale yemweyo wokazisungitsa kubanki. Mukakonza chakudya chamadzulo kapena konsati, holo ndi zophika zikhale zopemphetsa. Kupanda kutero mudzagwira ntchito yolemeretsa mwini holo. Ndalama zolandira pakhomo ziwerengedwe usiku womwewo anthu atatu akuona.

Potumiza pali Western Union, CAM Transfer ndi Unitransfer, komanso MonCash ya kampani ya mafoni ya Digicel imene imafikira pafoni. Kuyambira 2011 boma la Haiti limadula dola imodzi ndi theka pa ndalama iliyonse yotumizidwa, kuwonjezera pa chindapusa cha kampani, choncho kutumiza tindalama tambirimbiri ting'onoting'ono n'kuluza. Yambani ndi ndalama yochepa yoyesera. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili pa chitupa, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana wolandira amabwezedwa atayenda mtunda wautali. Funsaninso ngati chitupacho sichinatsalire pansi pa zigumuka.

Pali msampha wina umene umakola alendo ambiri. Ndalama ya dzikolo ndi gourde, koma pamsika anthu amatchula mitengo mu "dola ya ku Haiti", imene siioneka ndi maso: ndi ma gourde asanu basi. Wina akakuuzani kuti malata ndi madola 200, mufunseni kuti a ku America kapena a ku Haiti. Malisiti onse alembedwe mu gourde.

Musamwaze zonse mwezi woyamba. Ife timalangiza kugawa patatu: gawo limodzi la chakudya, madzi ndi pogona, lina la sukulu ndi mpamba wa geni, lachitatu lokonzera nyumba. Chifukwa chake chinaoneka mu 2010. Chivomezi chinachitika pa 12 Januware, anthu pafupifupi 1.5 miliyoni n'kusowa pokhala, koma kolera inabuka mu Okutobala, makamera atapita kale, ndipo inapha anthu pafupifupi 10,000. Nyengo ya anamondwe nayo imayamba mu Juni mpaka Novembala, pamene lona wa dzana amakhala atang'ambika.

Opereka amakumbukira. Mu 2015 mabungwe ofalitsa nkhani a ku America, ProPublica ndi NPR, anaulula kuti American Red Cross, imene inasonkhanitsa pafupifupi madola theka la biliyoni, inali itamanga nyumba zokhazikika zisanu ndi imodzi zokha. Ndiye mwezi uliwonse tulutsani tsamba limodzi: zalowa zingati, zodulidwa potumiza zingati, mabanja angati alandira. Maina ndi nkhope za olandira musaziike pa intaneti, chifukwa kulengeza kuti banja lakuti lalandira madola n'kulilozera akuba.