Gearbox yangokonzedwa kumene koma ikugunda, musathamangire kuitsitsanso

Corolla yanga NZE121 ya otomatiki itatuluka ku galaja atakonza gearbox, ndi ma clutch plate atsopano, ma seal ndi ma gasket, ndinkati basi mavuto atha. Ayi ndithu. Ukaika pa D imayamba yaima kaye kenako nkugunda ngati wina wakukankha kumbuyo, ndiye pa mtunda ikafuna kuchoka 2 kupita 3 injini imangolira ma rev kukwera koma galimoto osathamanga. A makaniko atamva anangoti "bwana tiitsitsenso tione", ine nkuti dikirani kaye madala, tiyambe ndi za panjazi zosadya ndalama.

Choyamba oyilo. Gearbox ikangomangidwa kumene torque converter (chimene chimalumikiza injini ndi gearbox) ndi mapaipi zimakhala zopanda kanthu, ndiye mukayenda pang'ono zimamwa oyilo levulo nkutsika. Poyeza injini ikhale ikulira, itatentha, galimoto ili pamalo athyathyathya, muyendetse lever magiya onse nkubwerera pa P, kenako muone ngati yafika pa HOT pa dipstick. Yanga inali pansi. Komanso mtundu wake, iyi imafuna oyilo wa Toyota wotchedwa T-IV, zina zatsopanoko zimafuna WS, pomwe za CVT (otomatiki ya mtundu wina) ngati ma Axio ambiri zili ndi oyilo wakewake. Zoti ATF (oyilo wa gearbox ya otomatiki) aliyense bola ndi wofiira ndi bodza limene lapha ma gearbox ambiri.

Kenako pa kompyuta. Code ya P0750 kapena P0755 ikuloza ku ma shift solenoid (ma valve a magetsi osinthira magiya), ndipo galimoto ikakakamira pa giya 3 osasuntha nthawi zambiri ndi nkhani ya magetsi, pulagi ya mawaya a pa gearbox yosalowa bwino kapena waya wopanikizika pomanga. Kwa ine kunalibe code, pulagi inali bwinobwino.

Chimene chinandiwawa tinachipeza titamasula pan ya pansi. Oyilo woti ndi watsopano anali atayamba kale kuda, ndipo pa timaginito ta mu pan panali matope otuwa, ukapaka pa chala akunyezimira tizitsulo. Zachokera kuti poti mkati zonse nzatsopano? Oyilo wa gearbox amapita kukazizira ku redieta kudzera mu mapaipi awiri, ndiye gearbox ija pamene imafa isanakonzedwe inasiya zinyalala zake mu cooler imeneyo ndi mu torque converter momwe, palibe anatsukamo, mwangoliza injini zonse zija zabwerera mu valve body, chibokosi cha ma valve, nkukagwira ma valve amene amatsegula njira ya oyilo posintha giya. Anthu amalipira ndalama zambiri pa ntchito imeneyi, ena mpaka kukongola, ndiye kusiya cooler yakuda si chilungamo ayi, mufunseni makaniko wanu musanalipire ngati anatsukamo.

Tinatsuka cooler ndi mapaipi, valve body inatsika yokha osagwetsa gearbox yonse, strainer (sefa ya oyilo) yatsopano, oyilo wina. Tinafufutanso memory pa kompyuta kuti iphunzirenso kasinthidwe, nkumayenda mofatsa masiku oyambawo. Pano ikusintha mosagunda. M'mawa kukazizira imachedwabe kulowa giya 4 mpaka injini itenthe, koma zimenezo musadandaule nazo, a Toyota anapanga dala.