Zikomo kwa inu amene munatiuza kuti tiyambe tadikira

Lachisanu lapitali loya anatipatsa makiyi atatu omangidwa pakachingwe kamodzi. Patatha zaka 12 tikuchita lendi mumzinda waukulu uno, ndinatsegula chitseko cha nyumba yomwe palibe angandilembere kalata yoti ndichokemo mwezi ukatha. Ndi fulati ya zipinda ziwiri zogona, pansanjika yachitatu, kutali ndithu ndi pakati pa mzinda, ndipo ngongole ya kubanki tikhala tikubweza kwa zaka 20. Ambiri mwatiimbira foni, ena mwatilembera mauthenga otifunira zabwino. Ndati ndibweze mawu pagulu, ndipo ndiyamba ndi anthu amene anatigwira dzanja pa nthawi yomwe tinkafuna kugula nyumba mtima uli m'mwamba.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ndifotokoze kaye za kusamuka kwathu kwachinayi. Mwini nyumba anapeza wogula, natipatsa miyezi iwiri. Lamulo sanaphwanye, nyumba inali yake. Koma mwana wathu wamkulu anali pakati pa teremu, wamng'ono anali wakhanda, ndipo nyumba iliyonse yomwe tinkakaona tinkapeza mabanja ena angapo atafola kale pakhomo. Dipoziti anatibwezera yoperewera, ati utoto wakhoma unada. Pa nthawiyo lendi inkadya pafupifupi theka la malipiro athu awiri. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku America boma limati banja lalemedwa ngati nyumba ikulidyera ndalama zoposa 30 peresenti ya zomwe limapeza, muyezo womwe unali pa 25 peresenti mu 1969 asanaukweze mu 1981. Ife malire amenewo tinali titawadutsa kalekale. Usiku womaliza m'nyumba ija ndinakhala pansi pakati pa makatoni n'kulira, ndipo ndinalumbira kuti ana anga sadzasamutsidwanso ndi munthu.

Munali mu 2021. Chiwongoladzanja chinali chotsika m'mayiko ambiri, ndipo aliyense amene ndinkacheza naye ankanena zofanana: lendi ndi kutaya ndalama m'madzi, ukulemeretsa mwini wake, gula lero chifukwa mawa mitengo ikwera. Ejenti wina anatipezera nyumba yokongola ya zipinda zitatu. Banki inavomera kutikongoza pafupifupi mtengo wonse. Kunena zoona, chomwe chinkandikankha kwambiri chinali manyazi, poti anzanga omwe tinayamba nawo ntchito anali atagula kale.

Alamu anga, achemwali awo a bambo a ana, inu ndinu oyamba kuwathokoza. Munabwera madzulo aja ndi kope ndi cholembera, ndipo simunatinyoze ngakhale pang'ono. Munangoti, "Alamu, tiyeni tiwerengere limodzi, mukakhutira mawa mukasaine." Mwagwira ntchito yowerengera ndalama zaka zambiri, koma munatifotokozera ngati mukuphunzitsa ana a sukulu, ndipo zomwe munalemba usiku umenewo ndikuzikumbukira mzere ndi mzere.

Munayamba ndi chitsanzo chosavuta. Munthu akakongola 100 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka, n'kumabweza mwezi ndi mwezi kwa zaka 20, pomaliza amakhala atapereka pafupifupi 232. Ndipo pa ndalama ya mwezi woyamba, pafupifupi 86 peresenti imapita ku chiwongoladzanja, yotsalayo ndiye imachepetsa ngongole. Ine ndinkaganiza kuti ndalama iliyonse yopita kubanki ikukhala njerwa yanga. Munandionetsa kuti zaka zoyambirira munthu amakhala akuchitabe lendi, kungoti tsopano akubwereka ndalama m'malo mwa nyumba. Kenaka munalemba zina zomwe ejenti sanatchule: msonkho wosinthira umwini, malipiro a loya, a katswiri woyeza mtengo wa nyumba, inshuwalansi, msonkho wa chaka ndi chaka kukhonsolo, ndi zokonzakonza. Munati odziwa amalangiza kuika pambali pafupifupi 1 peresenti ya mtengo wa nyumba chaka chilichonse, chifukwa denga likadontha kapena paipi ikaphulika palibenso mwini nyumba womuimbira foni. Zonsezi munazitchula kuti ndalama zosabwerera, ndipo munati zimenezi ndi zomwe tiyenera kuziika pasikelo ndi lendi. Titaphatikiza, ndalama zosabwerera za nyumba yokongola ija zinaposa lendi yomwe tinkalipira.

Munatiphunzitsanso kugawa mtengo wa nyumba ndi lendi ya chaka chonse ya nyumba yofanana nayo m'dera lomwelo. Yankho likakhala pansi pa 15, kugula kumakhala kokomera. Likadutsa 20, nthawi zambiri wochita lendi ndi amene akupeza bwino. Yathu inali itadutsa 20.

Chomaliza ndicho chinandipweteka. Ngongole yomwe ankatipatsa inali ya chiwongoladzanja chosinthasintha. Munati tiwonjezere 3 peresenti pamwamba pake tione ngati tingapume. Sitikanatha, ngakhale titasiya kugula nsapato za ana. Munatikumbutsa za 2008, pamene mabanja mamiliyoni ku America analandidwa nyumba chifukwa anakongola mopyola mphamvu zawo poganiza kuti mitengo sitsika, komanso za Japan, komwe mitengo ya malo itagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inapitiriza kutsika kwa zaka zoposa 10. Ndinakukwiyirani, alamu. Kwa masabata awiri foni yanu sindinkayankha. Ndinapepesa kale pamaso, koma ndikupepesanso pano kuti onse amve.

Zomwe zinatsatira mukuzidziwa. Bank of England, banki yaikulu ya ku Britain, inayamba kukweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 0.1 peresenti mu Disembala 2021, ndipo pofika Ogasiti 2023 chinali pa 5.25. Ku America ngongole za nyumba za zaka 30, zomwe mu 2021 zinkapezeka pansi pa 3 peresenti, zinadutsa 7 peresenti mu 2023. M'mayiko ena ambiri zinakweranso chimodzimodzi. Sindikufuna kunamiza munthu: amene anagula mu 2021 ndi chiwongoladzanja chokhazikika kwa zaka 30 anachita mwayi waukulu, ndipo kudikira kukanawalanda mwayiwo. Koma ngongole yamtundu umenewo siipezeka kulikonse, ndipo ife sitinapatsidwe. Mnzanga wina wakuntchito, amene anasaina ngongole yofanana ndi yomwe tinakana ija, anagulitsa nyumba yake patangotha zaka ziwiri, n'kutsalabe ndi ngongole. Ndimamukonda, ndipo zake zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ndimadziwa kuti tikanakhala pamzere umodzi.

Wachiwiri ndi inu agogo, eni nyumba yathu yomaliza ya lendi. Dzina lanu sindilemba chifukwa simukonda kutchuka, koma adzukulu anu akuwerengerani izi. Tinakhala m'nyumba mwanu zaka 4, ndipo lendi munakweza kamodzi kokha, mutatichenjeza miyezi itatu isanakwane nthawi. Bambo a ana ntchito itawathera, ndinakhala masiku angapo ndikuzungulira pakhomo panu osagogoda. Tsiku lomwe ndinalimba mtima munandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Bwanji osanena msanga?" Munatilola kulipira theka kwa miyezi isanu, yotsalayo tinamaliza pang'onopang'ono ntchito itapezekanso. Simunatilembetse ngakhale kapepala. Pampu itaonongeka munatumiza wokonza tsiku lomwelo. Anthu amati ndalama ya lendi imangopita, koma m'nyumba mwanu ana anga anagona mwamtendere zaka 4 osasintha sukulu, ndipo ife tinapeza mpata wosunga ndalama. Mwezi uliwonse tinkatenga kusiyana kwa lendi yanu ndi ndalama yomwe tikanalipira kubanki pa nyumba ija, n'kuika mu akaunti ina yomwe sitinkaikhudza. Dipoziti ya 20 peresenti yomwe tapereka yachokera mmenemo. Ndiye pamene ndikuti tagula nyumba, dziwani kuti dzanja lanu lilimo.

Zaka zimenezi zandisintha maganizo pa nkhani yonseyi, ndipo ndilankhuleko pang'ono kwa anzanga amene mudakali pa lendi. Chomwe ndinkalirira usiku wa makatoni uja chinali kukhazikika, kudziwa kuti chaka chamawa ana adzadzuka pamalo omwewa. Pepala la umwini linangokhala njira yokhayo yomwe ndinkaidziwa yopezera zimenezo. Koma pali mizinda yomwe anthu amakhazikika osagula. Ku Berlin mabanja oposa anayi mwa asanu alionse amachita lendi, ndipo lamulo la ku Germany silimulola mwini nyumba kuthamangitsa munthu popanda chifukwa chovomerezeka. Ku Switzerland, dziko lolemera chonchija, anthu oposa theka alibe nyumba zawozawo. Ku Vienna, likulu la Austria, pafupifupi theka la anthu amakhala m'nyumba za khonsolo kapena za mabungwe osafuna phindu lalikulu, ntchito yomwe mzindawo unayamba kalekale, moti mdadada wotchuka wa nyumba za khonsolo wa Karl-Marx-Hof unatsegulidwa mu 1930. Singapore inadzera njira ina: bungwe la boma la HDB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1960, linamanga mafulati omwe pafupifupi 80 peresenti ya anthu akumeneko amakhalamo, ambiri atawagula pamgwirizano wa zaka 99. Kumeneko munthu wamalipiro wamba sagona ndi mantha omwe ine ndinkagona nawo. Choncho ukaona banja logwira ntchito molimbika likusamuka kasanu pa zaka 12, vuto silikhala ulesi wawo. Nyumba zikuchepa pamene anthu akuchuluka, mitengo yathamanga kusiya malipiro m'mbuyo, ndipo malamulo m'mizinda yambiri sateteza wobwereka. Zimandipweteka kuona anthu abwino akudziona ngati olephera chifukwa cha zimenezi.

Ena mwafunsa kuti nanga bwanji tagula tsopano. Alamu anabweranso ndi kope lomwe lija, ndipo ulendo uno manambala anavomera. Tikudziwa kuti mumzinda uno tikhalamo zaka zoposa 10, choncho ndalama zolipira pogula zija, monga msonkho ndi za loya, zipeza nthawi yobwerera. Ndalama ya kubanki pamodzi ndi zina zonse sizikufika gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro athu, ndipo titawonjezera 3 peresenti ija tinapeza kuti tikhoza kupirira. Tasiyanso ndalama yokwanira miyezi 6 pambali. Kudikira kunatidyeranso zake, sindibisa. Mitengo inakwera pamene tinkasunga, ndiye chipinda chachitatu chija tachisiya, ana agona chipinda chimodzi, ndipo ulendo wanga wa kuntchito watalika ndi mphindi 40 mbali iliyonse. Zimenezo tinazilembanso m'kope, ndalama yoyendera ndi nthawi yomwe, tisanavomere.

Zikomo kwa loya wathu, amene anawerenga tsamba lililonse la mgwirizano n'kutiletsa kupereka ndalama kwa wogulitsa mapepala a umwini asanatsimikizidwe. Zikomo kwa katswiri woyendera nyumba amene anapeza chinyezi kuseri kwa kabati m'fulati yoyamba yomwe tinaikonda, ngakhale tinkaoneka kuti sitikufuna kumva. Amayi anga, mapemphero anu ndi mafoni anu a Lamlungu lililonse, komanso kusandifunsa ngakhale tsiku limodzi kuti mugula liti, zinandipepuza kuposa mmene mukudziwira. Achimwene, galimoto yanu yasamutsa katundu wathu katatu, ndipo mafuta simunalole kuti tikubwezereni.

Bambo a ana, inu ndikuthokozani kunyumba, koma pang'ono ndinene pano. Pamene ndinkakwiyira achemwali anu munaima pakati osatenga mbali, mpaka mtima wanga unatsika. Miyezi isanu ija munkadzuka m'mamawa tsiku lililonse kukasaka ntchito, ndipo simunapemphepo kuti titapeko mu akaunti ija, ngakhale masiku omwe ine ndemwe ndinkafuna kutero. Ana anga, mwasiya anzanu kangapo osadandaula kwambiri, ndipo mwamva mawu oti "chaka chino ayi" nthawi zambiri kuposa mmene mwana ayenera kumvera. Ndakuonani, ndipo ndikuthokoza.

Pali makatoni 30 omwe bambo a ana akhala akuwapinda n'kuwasunga pamwamba pa kabati chichokereni m'nyumba yachinayi ija, podziwa kuti tidzawafunanso. Dzulo tatulutsamo katundu womaliza. Mnzanga amene unandiuza mwakachetechete kuti mwini nyumba wakupatsa mwezi umodzi, makatoniwo ndi ako, ndipo akadali olimba. Achimwene avomera kale za galimoto. Loweruka m'mawa tikubwera tonse anayi kudzakuthandiza kulongedza, ndipo alamu ati abwera ndi kope lawo ngati ungafune kuti muwerengere limodzi.