Mawu othokoza: patha chaka chimalizireni mwana wathu mankhwala a khansa ya nsagwada

Ine pamodzi ndi mayi a kunyumba, ndiponso banja lathu lonse kuno ku Ngabu m'boma la Chikwawa, tikuthokoza poyera onse amene anatigwira mkono pa matenda a mwana wathu wachitatu. Lachiwiri lapitali tinali ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri timangoti ku Gulupu, ndipo adokotala atamuyeza anatiuza kuti patha chaka chathunthu chimalizireni mankhwala popanda chizindikiro choti chotupa chija chikubwerera. Anatifotokozeranso kuti pa khansa ya mtundu umenewu chaka choyamba ndicho chodetsa nkhawa, ndipo ikapanda kubwerera m'nyengo imeneyi, kawirikawiri siibwereranso.

Matendawa anayamba ngati dzino. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, msinkhu umene ana amagweluka mano, choncho tsaya lakumanzere litayamba kutupa ndipo mano awiri akugwedera, sitinadabwe. Pa chipatala china chaching'ono anatipatsa mankhwala opha ululu, ndipo sitikuwaimba mlandu, popeza nafenso tinkaona dzino lomwelo. Pasanathe masabata awiri nkhope inali itapotoka, diso likukankhidwira kunja, ndipo ngakhale phala linkavuta kulowa m'kamwa. Achibale ena ananena kuti pali dzanja la munthu, ndipo ndiyenera kuvomera kuti tinataya masiku anayi kwa sing'anga, masiku amene ndikawakumbukira ndimachita nawo manyazi. Dokotala wa pa chipatala cha boma ku Chikwawa atangomuona analemba kalata yotitumiza ku Blantyre tsiku lomwelo, natiuza kuti chotupa chotere chingathe kuwirikiza kukula kwake pa tsiku limodzi kapena awiri. Bambo amenewa tikuwathokoza koyamba, pamodzi ndi dalaivala wa ambulansi amene anakwera nafe mapiri a ku Thabwa madzulo amenewo mvula ikugwa.

Ku Gulupu anatenga kanyama ka pa chotupacho kukayeza, natiuza kuti dzina la matendawa ndi Burkitt lymphoma. Kenaka kunabwera namwino wa kafukufuku ndi pepala, kupempha chilolezo choti magazi pang'ono a mwanayo ndi zotsala za kanyama kaja zisungidwe kuti akatswiri aphunzirepo. Ine ndinakana. Mphekesera za anamapopa zimene zinavuta m'maboma a kumwera kuno mu 2017 ndinkaziseka pamodzi ndi aphunzitsi anzanga, koma tsiku limenelo, mwana wanga ali pa bedi, ndinapeza kuti zinali zitakhazikika ndithu mumtima mwanga. Mayi aja sanakwiye. Anandiuza kuti kukana n'kololedwa, ndipo mwanayo alandira chithandizo chofanana ndi anzake, ndisaine kapena ndisasaine. Atatero anandifunsa ngati ndikudziwa kumene mankhwala amene anali mu diripi anachokera.

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo, ndi zimene ndawerenga ndekha pambuyo pake, ndizo zandichititsa kulemba mawu ano motalika. Mu 1957 dokotala wa maopareshoni dzina lake Denis Burkitt, akugwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala m'dziko la Uganda, anaona ana otupa nsagwada mofanana ndi mwana wathu, ndipo mu 1958 analemba za matendawa. Sanalekere pomwepo. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri anayenda ulendo wa mamailosi pafupifupi 10,000 pa galimoto, akulowa chipatala ndi chipatala m'maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo dziko lathu lino likadali Nyasaland, akufunsa funso limodzi lokha: kodi ana otupa chonchi mumawaona kuno? Anapeza kuti matendawa amachuluka m'madera otsika, otentha ndi achinyezi, ndipo amasowa m'mapiri ozizira. Aliyense amene anagonapo ku Bangula kapena m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh mwezi wa Januwale akudziwa chimene chimachuluka m'malo otere, ndicho udzudzu. Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupa chochokera ku Uganda, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr, ndipo kanali koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Kachilomboka kamafala kudzera m'malovu ndipo anthu ambiri padziko lapansi tili nako osadwala. Koma mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, chitetezo cha m'thupi chimalephera kukalamulira bwino, ndipo mwa ana ochepa mpamene khansayi imayambira. Mwana wathu anali atadwala malungo kambirimbiri chibadwireni, moti tinasiya kuwerenga.

Mankhwala nawonso ali ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo inalembedwa mu wodi momwe tinagonamo. Ku maiko olemera khansayi amaichiza ndi mankhwala amphamvu kwambiri, amene mwana woonda ndi wosowa magazi, m'chipatala chopanda zipangizo zokwanira, sangawapirire. Madokotala a ana a pa Queen Elizabeth, motsogozedwa kwa zaka zambiri ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, anachita kafukufuku wofuna mlingo wa mankhwala monga cyclophosphamide ndi methotrexate umene ungasungunule chotupa popanda kupha mwana. Mlingo umenewo sunapezeke pa mapepala chabe. Panali makolo, ena mwina a kuno kuchigwa, amene anapatsidwa pepala longa limene ine ndinakana, nasaina kapena kudinda chala, ndipo ena mwa iwo anabwerera kumudzi opanda mwana. Anthu amenewa sindikuwadziwa maina ndipo mwina mawu ano sadzawafika, koma ndikuwathokoza kuposa mmene ndingathere kulemba. M'mawa mwake ndinamuitana namwino uja ndi kusaina.

Anamwino a mu wodi ya ana a khansa anatipirira kwambiri, makamaka pa nkhani ya jakisoni wa pamsana, amene kumudzi kuno amaopedwa ngati imfa yeniyeni. Anatilongosolera modekha kuti mankhwala ena ayenera kulowa m'madzi a mumsana chifukwa khansayi imatha kubisala kumeneko. Anatikakamizanso kumumwetsa mwanayo madzi ambiri kuti impso zisawonongeke pamene chotupa chikusungunuka, ndipo chinasungunukadi mofulumira, moti patatha sabata imodzi diso linali litabwerera m'malo mwake. Tsitsi linathothoka, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo panali usiku wina pamene thupi linatentha kwambiri mpaka mayi ake anayamba kulira maliro. Namwino amene anali pa ntchito usiku umenewo sanachoke pa bedi lathu mpaka tambala woyamba. Chiponde chimene ankatipatsa ndicho chinabwezera mnofu m'thupi lake.

Kumudzi kuno tikuthokoza amfumu athu, amene anaitanitsa anyamata kukapalira munda wathu wa mapira ife tili ku Blantyre. Amayi a banki mkhonde, amene anatibwereka ndalama za thiransipoti popanda chiwongoladzanja. Aphunzitsi anzanga, amene anagawana makalasi anga teremu yonse. Ndi amayi a Mvano a pa mpingo wathu, amene ankaphikira ana athu otsala. Amalume ake a mwanayo anagulitsa mbuzi ziwiri osatiuza, ndipo tinazindikira titabwerako, poona khola. Apongozi anga anasamuka kwawo ku Nsanje n'kudzakhala pakhomo miyezi itatu.

Mwanayo wabwerera ku sukulu, ndipo akubwereza sitandade 2. Mano awiri amene anagwedera aja anachoka, koma ena akumera pamalo pomwepo, ngakhale limodzi lapendekeka, ndipo adokotala a mano atiuza kuti tidzapite nayenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi kuti akaone mmene nsagwada ikukulira. Mapemphero oyamika adzachitika pakhomo pathu Lamulungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi, ndipo onse amene tawatchula pano, ndi amene tawaiwala, tikuwaitana.