Golovesi imene inagwa pansi

Pali mafilimu ambiri amene ndinaonera kalekale, ndipo munthu atandifunsa lero kuti nkhani zake zinatha bwanji, ndikhoza kungokanda m'mutu osayankha kanthu. Koma m'mafilimu omwewo muli tizinthu tating'onoting'ono timene tinakhazikika mumtima mwanga mpaka pano, ngakhale kuti palibe amene amatitchula akamafotokozera mnzake zimene waonera. Nditayamba kutisonkhanitsa m'maganizo, ndinazindikira kuti tambiri mwa ito timakhudza manja, makamaka zimene manja a munthu amachita pamene pakamwa pake pakunena zina.

Koyamba ndi ka golovesi. Mu filimu ya On the Waterfront ya mu 1954, imene anaitsogolera ndi Elia Kazan, Marlon Brando akusewera ngati Terry, mwamuna wogwira ntchito padoko amene kale anali wankhonya. Iye akuyenda m'paki ndi Edie, mtsikana amene mchimwene wake anaphedwa ndi achiwembu Terry yemweyu atamunyengerera kuti apite kumene iwo ankamudikirira, ndipo Edie sakudziwa zimenezi. Ali mkati moyenda, golovesi ya mtsikanayo ikugwa pansi. Terry akuitola, koma m'malo moibweza kwa mwiniwake akukhala nayo pa katungwe wa ana, akuichotsa zinyalala, kenako akulowetsamo dzanja lake lalikulu lija uku akupitiriza kucheza. Eva Marie Saint, amene anasewera ngati Edie, anafotokoza kuti golovesiyo inagwa mwangozi pa nthawi yoyeserera, Brando n'kuitola, ndipo Kazan atazikonda analamula kuti achitenso chimodzimodzi kamera ikujambula.

Chimene chimandikhudza pamenepa n'chakuti golovesi imeneyi ikugwira ntchito imene mawu akanalephera. Mtsikana wodzisunga ngati Edie analibe chifukwa choimira n'kumacheza ndi mwamuna wotere, koma tsopano chifukwa chapezeka, pakuti sangachoke osatenga chinthu chake. Nayenso Terry sangathe kuulula kuti akufuna kumuyandikira, chifukwa mlandu umene uli pachifuwa pake sumulola, ndiye dzanja likumuyankhulira. Dzanja lomwe linazolowera magolovesi a nkhonya likuyesa kulowa m'kansalu kofewa ka mkazi, ndipo sikakulikwana bwino. Sindikumbukira mawu amene anauzana pamenepo, koma dzanja limenelo ndimalionabe.

Brando yemweyu ali ndi kenanso kumayambiriro kwa The Godfather ya mu 1972, pamene iye, monga mkulu wa gulu la zigawenga, akumvetsera munthu amene wabwera kudzapempha kuti adani ake aphedwe, iye uku akusisita mphaka ali pamiyendo. Mphakayo sanalembedwe m'sewerolo. Wotsogolera filimuyo, Francis Ford Coppola, anangomupeza akuyendayenda pamalo ojambulira n'kumuika m'manja mwa Brando, ndipo kamkonono kamene mphaka amachita akamasisitidwa kanamveka kwambiri moti mawu ena anachita kuwajambulanso. Kufatsa kwa zala zimenezo kumandiopsa kuposa mfuti zonse za mu filimuyo.

Koma kamene kanandilowa kwambiri kali mu Jaws, filimu ya Steven Spielberg ya mu 1975, imene anthu amaikumbukira chifukwa cha shaki ndi nyimbo yake yochititsa mantha. Mkulu wa apolisi, amene mbali yake anaisewera ndi Roy Scheider, wakhala patebulo kunyumba kwake ali wosweka mtima, chifukwa mayi wina amene mwana wake anaphedwa ndi shaki wamumenya mbama pagulu pomuimba mlandu woti sanatseke gombe. Pambali pake pali kamwana kake kakamuna, ndipo kakutsanzira chilichonse chimene bamboyo akuchita. Akapinda manja, nakonso kakupinda. Akaphimba nkhope, nakonso kakuphimba. Pakupita kanthawi bamboyo asanazindikire, ndipo atazindikira akuyamba kusewera nako, mayi a mwanayo ataima chapatali akungoyang'ana. Mbali imeneyi itachotsedwa, nkhani ya shaki ikhoza kuyenda bwinobwino popanda chosowa.

Ndinaonera filimuyi koyamba ndili wamng'ono ndipo mbali imeneyi sindinaione n'komwe, pakuti ndinkangodikirira kuti chilombo chija chitulukenso. Ndinadzaionanso ndili kholo, patangopita masiku ochepa kuchokera pamene ndinapeza mwana wanga akuyenda uku ndi uku m'chipinda, manja atawaika kumbuyo, monga mmene ine ndimachitira nkhawa ikandigwira. Sindinkadziwa kuti amandiyang'anitsitsa chotero. Pamene kamnyamata ka mu filimu kanaphimba nkhope, ndinaimitsa kanemayo chifukwa misozi inali italengeza m'maso. Filimu inali yomwe ija, koma munthu amene anakhala pampando tsiku limenelo anali atasintha, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake anthu awiri amene aonera filimu imodzi satuluka ndi kachinthu kofanana.

Chidwi chotere chinayamba pamodzi ndi kanema weniweniyo. Pa 28 Disembala 1895, timafilimu ta abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, tinaonetsedwa kwa anthu olipira ku Grand Café mumzinda wa Paris, ndipo kamodzi mwa ito, kosakwana n'komwe mphindi imodzi, kankaonetsa Auguste ndi mkazi wake akudyetsa khanda lawo panja. Mbiri imati chimene chinadabwitsa oonera ambiri chinali masamba a mitengo amene ankagwedezeka ndi mphepo kumbuyo kwa banjalo. Anthuwo anazolowera zisudzo za papulatifomu, kumene mitengo inali yopentedwa pansalu ndipo inkangoti zii. Apa anaona chinthu chimene palibe anachilamula kuti chichitike, koma kamera inachigwira. Golovesi ija ndi mphaka uja ndi adzukulu a masamba amenewo.

Sindikunena kuti zonsezi zimabwera mwangozi. Yasujiro Ozu, wotsogolera mafilimu wa ku Japan, mu filimu yake ya Late Spring ya mu 1949, anaika dala kachinthu kamene akatswiri akhala akukangana za tanthauzo lake kwa zaka zambiri. Mtsikana amene watsala pang'ono kukwatiwa ali pa ulendo womaliza ndi bambo ake amasiye ku Kyoto, ndipo usiku akuwayankhula koma iwo agona kale. Iye akumwetulira. Kamera ikuchoka pankhope pake n'kukaima pa mtsuko umene uli pakona ya chipinda, ndipo ikabwerera, kumwetulira kuja kwatha. Sitinaone nthawi imene mtima wake unatembenuka. Ozu anatibisira dala, natisiya ndi mtsuko kuti chisonicho tichimve tokha.

Tizinthu totere n'tosavuta kutaya. Filimu imayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo munthu amene amadula ndi kulumikiza zithunzizo amakhala akufunsidwa nthawi zonse ngati mbali yakutiyakuti ikupititsa nkhani patsogolo. Kamwana kotsanzira bambo ake sikangapambane pa funso limenelo, choncho pamafunika wina wolimba mtima woti akane kukadula. Ndimadandaula ndikamaonera mafilimu amene chilichonse chimathamangira ku chochitika chotsatira, moti munthu sapatsidwa mpata wongokhala chete n'kumaseweretsa chinthu m'manja. Koma mlandu wina ndi wa ife oonera, pakuti diso likatsikira pafoni kwa masekondi atatu okha, zithunzi 72 zadutsa, ndipo mwina golovesi yagwera pomwepo.

Posachedwa ndinaoneranso mbali ya m'paki ija, ndipo ulendo uno ndinasiya Brando n'kumayang'ana Eva Marie Saint. Kwa zaka zonsezi ndinali ndisanaonetsetse mmene iye akuyang'anira golovesi yake ili kudzanja la mwamunayo, akuoneka kuti akufuna kuitenga koma akuzengereza, ngati munthu amene akudziwa kuti akangoilandira macheza atha. Potsiriza akuivula yekha kudzanja la Terry, ndipo kuti atero akuyenera kulikhudza.